Matumba atatu a thonje lonyowa

Mdzukulu wanga wamkazi, amene anamaliza sukulu chaka chatha ndipo akadali pakhomo, anabwera kudzandifunsa ngati avomere ntchito ya miyezi itatu pa sitolo ina kuno ku Cuamba. Anzake ankamuuza kuti ntchito yotere imangomudya munthu mphamvu, bola adikire yokhazikika. Ine ndinamuuza kuti apite. Ndinati ntchito yokhazikika simupeza munthu ali pakhonde. Pa ganyu manja amaphunzira, eni ntchito amakuzolowera nkhope, ndipo malo akatseguka umamva usanamve wina aliyense. Zonsezi ndi zoona, ndipo umboni wake ndine: zaka zonse zimene ndinagwira m'nyumba yosungiramo thonje zinachokera pa ganyu ya miyezi itatu. Anathokoza n'kupita. Koma sindinamuuze zonse, ndipo n'chifukwa chake ndatenga kope ili. Kulemba ndinaphunzira ndili kale ndi imvi, pa sukulu ya akuluakulu, choncho dzanja langa limayenda pang'onopang'ono, koma lifika.

Ndinabadwira ku Ngauma, m'banja la Akhristu olima chimanga ndi fodya. Zaka zimenezo, za m'ma 1950, mwamuna aliyense ankayenda ndi kabuku kotchedwa kadeneta. M'kabukumo munkayenera kuoneka chidindo chosonyeza kuti wagwirako ntchito kwa mzungu. Kulima munda wako sikunkatengedwa ngati ntchito. Wopezeka wopanda chidindo ankagwidwa ndi asipayi, apolisi a boma la Apwitikizi, n'kutumizidwa ku kontalato, ntchito yokakamiza ya ku minda ya tiyi ya ku Gurue kapena ya khonje kufupi ndi nyanja yamchere. Kumeneko munthu ankapita osadziwa kuti adzabwerako liti, ndiponso ali bwanji. Ine ndinali nditangokwatira, mkazi wanga ali ndi pakati poyamba. Nditamva kuti kampani ya thonje ikufuna amuna a ganyu pa msika wa ku Mitande, ndinasenza ufa wanga n'kutsika phiri kudzera ku Mandimba.

Msika wa thonje unkakhala nthawi yozizira, mvula itatha. Alimi ankabwera ndi madengu, thonje linkayezedwa pa sikelo, ena ankalipondera m'matumba a ziguduli, ndipo ife osoka tinkatseka kukamwa kwa matumbawo ndi singano yaikulu ndi chingwe cha khonje. Kenako kamiyau, galimoto yaikulu ya kampani, inkawatenga kupita nawo ku Cuamba, imene azungu masiku amenewo ankaitchula dzina lawo lina. Osoka tinalipo asanu ndi mmodzi. Tsiku loyamba kapitawo wathu, Mlomwe wamfupi woyenda ndi wezulo m'khosi, anatiuza kuti aliyense wofika kumapeto kwa msika adzalandira chidindo, ndipo mmodzi mwa osoka adzatengedwa kukagwira ku Cuamba mokhazikika, chifukwa wosoka wakumeneko maso anali atamuthera. Sindikudziwa ngati ananena zimenezi kuti tilimbike kapena kuti tidane. Zonse ziwiri zinachitika.

Lamulo lalikulu la osoka linali limodzi. Usanabaye singano, uzipisa dzanja pakati pa thumba mpaka m'chigongono, kuti umve ngati muli miyala, mchenga kapena chinyezi. Alimi ena ankawaza madzi pa thonje kuti lilemere. Sindiwaweruza, poti thonjelo ankalima mokakamizidwa, chimanga chawo chikufota. Koma thonje lonyowa likatsekeredwa m'thumba limatentha lokha, limada, limawononga anzake, ndipo akuti nthawi zina limayaka. Ukamva chinyezi unkayenera kukhuthula thumba lonse n'kuyanika padzuwa.

Aliyense anali ndi kasokedwe kake ndi mfundo yake yomalizira. Ife sitinkadziwa kulemba maina athu, koma mfundo inali dzina la munthu. Kapitawo ankati akaona thumba lomasuka, ankangoyang'ana mfundo n'kuitana mwini wake.

Sabata yoyamba woitanidwa kawirikawiri ndinali ine. Manja anga anali a khasu. Matumba anga ankayasama ngati ana a mbalame, ndipo akawaponya m'kamiyau mfundo zinkamasuka.

Pafupi nane pankasoka msodzi wina wa ku Nyanja ya Amaramba, Msilamu, wondiposa ndi zaka ngati khumi, wamanzere, wovala kachipewa koyera kamene sikankadetsedwa ngakhale fumbi litakula bwanji. Anabwera chifukwa cha chidindo ngati ine, poti kwa azungu kusodza nakonso sikunali ntchito. Mfundo yake anaitenga ku maukonde. Ankazunguliza chingwe kawiri, kuchibweza pansi, kuchikoka kamodzi, n'kuchibisa m'khutu la thumba, moti kunja sinkaoneka. Inali yachangu ndipo sinkamasuka. Kapitawo anaikonda kwambiri, mpaka tsiku lina anafutukula khutu la thumba n'kuonetsa mzungu wa kampani, tonse tikuona.

Masana ena tikupuma pansi pa mtengo wa mango, msodziyo anandiitana.

"Mphwanga, kodi iwe umasoka thumba kapena umalipempha kuti litseke lokha? Bwera kuno, wodya mbewa iwe. Singano sagwira ngati khasu."

Ndinayankha kuti achimwene, mbewa n'zokoma kuposa matemba awo onunkha matope. Anaseka, n'kundikhazika pansi ndi chiguduli chakale. Anandiphunzitsa masana anayi otsatizana, anzathu akugona. Ankagwira zala zanga ndi zake n'kuzikhotetsa. Tsiku lachinayi mfundo inagwira. Anaiyang'ana n'kunena kuti ndi yake ndithu, kusiyana kwake n'kwakuti yake imagona kumanzere poti iye ndi wamanzere, pamene yanga yagona kumanja, ngati mwana wofanana ndi bambo wake koma wokonda kugonera mbali ina.

Tsiku lomwelo madzulo, tikubweza masingano, anandikodola mkulu wina wa ku Mandimba amene anali atasokapo misika yambiri osatengedwa ku Cuamba. Anali munthu wolankhula akuyang'ana kumbali. Anandifunsa ngati ndinaonapo anthu awiri akulimbirana mpando umodzi, wina n'kumupatsa mnzake mpeni wake. Anati ndiganize bwino. Tsopano mfundo imodzi ili ndi manja awiri. Tsiku limene thumba la msodzi lidzapezeke ndi miyala, adzangoti si ine, ndinaphunzitsa uyo wa ku Ngauma. Anatinso ndiziona Lachisanu lililonse, mkazi wa msodziyo akabwera ndi nsomba zouma, kuti zina zimapita kuti.

Ndinayamba kuona. Zinali zoona kuti nsomba zina zinkapita kwa kapitawo. Zinali zoonanso kuti zina zinkabwera kwa ine, ndi kwa mkulu wa ku Mandimba yemweyo, koma zimenezo sindinaziike m'maganizo. Msodzi ndi kapitawo ankacheza m'Chiyao, chimene ine ndinkamva theka, ndipo theka limene sindinkamvalo ndinkadzaza ndekha. Akaseka ndinkati akuseka ine. Akasiya kulankhula ine ndikufika, ndinkati amakamba za ine. Pa ganyu munthu umakhala ngati nkhuku yogulidwa kumene: aliyense wokuponyera chimanga umamuyang'ana m'manja ngati muli mpeni.

Ndiye ndinachita chinthu chimene ndinkachiona ngati nzeru. Ndinapitiriza kumanga mfundo ya msodzi, poti inkandifulumizitsa ndipo inkabisika m'khutu la thumba, koma mwini wake ndinamuuza kuti yandikanika, ndabwerera ku yanga yakale. Ndinkati akamaganiza kuti sindiigwiritsa ntchito, sadzakhala ndi ponamizira. Anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti palibe kanthu, mbewa zimafooketsa zala. Wodziwa zoona anali mkulu wa ku Mandimba yekha. Matumba anga anasiya kumasuka, mzere wanga unayamba kutha msanga, ndipo kapitawo anasiya kundiitana ndi wezulo n'kuyamba kundiitana ndi dzanja.

Mwezi wachiwiri uli kumapeto, kunagwa mvula ya mawawa m'bandakucha, imene siyembekezeka nyengo imeneyo. M'mawa mwake kamiyau inafika molawirira, ndipo munali mzungu wa kampani uja. Anaima pafupi ndi osoka, manja m'chiuno, woyendetsa akuliza hutala. Ndinadziwa kuti lero ndiye tsiku looneka. Pa mzere wanga panatsala matumba atatu ochokera pa mulu umodzi, umene unali kumapeto kwa denga la udzu. Ndinapisa dzanja m'thumba loyamba. M'kati munali mozizira ngati pansi pa mtsuko. Ndinadziwa chimene ndamva. Kukhuthula ndi kuyanika kukanatenga theka la tsiku, mzungu akuona thonje langa lili mbwee pansi, anzanga atamaliza. Ndinatulutsa dzanja, ndinalipukuta pa kabudula, n'kusoka. Matumba awiri enawo sindinapisemo n'komwe. Ndinamaliza woyamba, ndipo mzungu anafunsa kapitawo kuti ameneyo ndi wa kuti.

Patatha milungu iwiri kamiyau inabwera ndi mzungu yemweyo, nkhope ili gwaa. Kapitawo analiza wezulo kuti osoka tonse tiime pamzere. Mzungu anaponya pansi zidutswa zitatu za chiguduli. Anali makutu a matumba, odulidwa ndi mpeni, akuda, onunkha ngati gaga wovunda. Kapitawo anatimasulira kuti matumba atatu anatentha pakati pa mulu ku Cuamba n'kuwononga ena owazungulira, ndipo zikanachedwa kuoneka nyumba yonse ikanapsa. Anatola khutu limodzi n'kulifutukula. Palibe amene anafunika kuuzidwa kuti mfundoyo ndi ya yani. Mitu yonse inatembenukira kwa msodzi.

Msodziyo anapempha kuti aione. Anaitenga ndi dzanja lake lamanzere, kuitembenuza, kuiyandikitsa kumaso. Ine ndinali nditaiona kale ili m'manja mwa kapitawo. Inagona kumanja.

"Ine thumba lililonse ndimapisamo dzanja," anatero. "Lonyowa sindinasokepo."

"Nanga wina ndani amamanga chonchi pano?" anafunsa kapitawo.

Msodzi anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndipo atafika pa ine maso ake anaima. Sanali maso aukali. Anali ngati a munthu amene wakugwirira chitseko kuti udutse. Ine ndinayang'ana pansi, pamene nyerere inkakoka kaulusi ka thonje. Mkulu wa ku Mandimba anangotsokomola.

"Mwini wake ali ndi pakamwa," anatero msodzi.

Anadikira. Ndikukumbukira kuti m'mutu mwanga munkazungulira mawu amodzi okha, akuti iye akanachita zomwezi kwa ine, ndangomutsogolera. Ndinaganizanso za mkazi wanga ndi mimba yake, koma ndinganame nditati ndiye chinali chifukwa chachikulu. Mzungu anatopa, analankhula mawu awiri atatu, ndipo kapitawo anatenga singano m'manja mwa msodzi n'kumubwezera kadeneta yake yopanda chidindo. Kunali kutatsala milungu itatu kuti msika uthe. Anapinda mkeka wake dzuwa lili pamutu. Podutsa pamene ndinali anati, "Tsala bwino, mphwanga," n'kulowera njira ya kunyanja.

Mungaganize kuti ndinamva chisoni. Chimene ndinamva chinali mantha. Ndinkadzifunsa kuti bwanji sanaonetse kapitawo mmene mfundo yagonera, pamene zikanamupulumutsa pomwepo. Ndinaganiza kuti akusunga nkhaniyo kuti adzandipweteke nayo bwino, kapena kuti wapita kukandifunira mankhwala. Mkulu wa ku Mandimba ndinayamba kumupatsa fodya wa kwathu asanapemphe. Za msodzi ndinadziuza kuti nyanja yawo ili m'malire, wangopalasa bwato kuwolokera ku Nyasaland ngati mmene ankachitira ambiri, ndipo mwina zikumuyendera kuposa ine.

Msika utatha anandisankha ine.

Sindingabise kuti ntchito ya ku Cuamba inandichitira zabwino. Chidindo chinkalowa mu kadeneta chaka ndi chaka, ndipo sipayi akandiimitsa panjira ndinkatulutsa kabuku kanga mtima uli m'malo. Ndinaitanitsa mkazi wanga ndi khanda. Ndinaphunzira Chimakuwa ndi Chipwitikizi cha pantchito, ndinaona sitima yapamtunda koyamba, ndinadziwa kusanja matumba kuti mphepo izidutsa. Ana anga onse anakulira pa ntchito imeneyo. Pamenepo ndinatsimikiza kuti ganyu ndi khomo lenileni, ndipo achibale anga ambiri ndinawakankhira ku misika ya thonje ndi mawu amenewo. Ena a iwo anapulumuka ku kontalato chifukwa cha miyezi itatu yosenza matumba. Ndipo thumba lililonse limene ndinasoka kuyambira pamenepo ndinkapisamo dzanja mpaka m'phewa, moti anzanga ankandiseka kuti ndikufunamo mkazi wachiwiri.

Patapita zaka zinayi, kapitawo wa wezulo uja anadwala, ndipo kampani inanditumiza ku Mitande kuti ndikayang'anire osoka msika wa chaka chimenecho. Ndine ndinkasankha olowa ganyu. M'mawa woyamba amuna anaima pamzere pansi pa mtengo wa mango womwe uja, aliyense kadeneta m'manja. Ndikuyenda pamzerepo ndinaona kachipewa koyera.

Anali ataonda, ndevu zitachita imvi, zala ziwiri za dzanja lamanzere zitauma chopindika. Pambuyo pake ndinamva kwa anthu akwawo kuti sanawoloke. Asipayi anamupeza pagombe mwezi womwe uja, ndipo anagwira makontalato awiri otsatizana ku minda ya tiyi. Atabwerera anapeza bwato litaola, maukonde atadyedwa ndi makoswe.

Anandipatsa kadeneta ndi manja awiri.

"Moni, akapitawo. Ndamva kuti mukufuna osoka."

Mawu akuti akapitawo ndi ulemu umenewo zinandilowa ngati minga. Munthu amene ankanditchula wodya mbewa tsopano akundiweramira. Ndinaona kuti ndi msampha. Ndinamulemba ntchito, koma osati chifukwa cha mtima wabwino. Ndinaganiza kuti ndikamukana apita molunjika kwa mzungu kukanena za matumba aja, ndiye bola akhale pafupi pamene ndingamamuone.

Ndipo ndinamuonadi miyezi itatu yonse. Ndinkayembekezera kuti tsiku lina asoka dala thumba lonyowa kapena la miyala, kuti mlandu ugwere ine woyang'anira. Choncho thumba lililonse limene wapisamo dzanja, ine ndinkabwera pambuyo n'kupisamonso langa. Kwa osoka ena sindinkatero, ndipo onse ankaona. Iye ankangoima pambali, singano m'manja, kudikira kuti ndimalize.

"Mwapezamo chiyani lero, akapitawo?"

Ndinkayankha kuti ndi lamulo.

"Eya, lamulo limenelo ndi labwino," ankatero, n'kuyamba kusoka.

Sindinapezemo kanthu ngakhale kamodzi. Zala ziwiri zoumazo anaziphunzitsa kukhala ngati chogwirira chingwe, ndipo ankamalizabe mzere wake anzake asanafike pakati.

Lachisanu lina mkazi wake anabwera ndi nsomba, ndipo iye anandibweretsera milamba itatu yowamba, itakulungidwa m'masamba a nthochi. Ndinalandira n'kuthokoza. Ataona kumbali ndinaponyera umodzi galu wa woyendetsa kamiyau, ndipo galuyo ndinamuyang'anitsitsa masiku awiri. Anangonenepa. Milamba iwiri inayo ndinaikwirirabe kuseri kwa chimbudzi.

Chimene chinandisokoneza kwambiri n'chakuti anayambanso kuphunzitsa. Panali bambo wina wa ku Ngauma kwathu, wa ana awiri, amene ankasoka koyamba ndipo matumba ake ankayasama ngati anga kale. Masana ndinawaona awiriwo pansi pa mango, ndi chiguduli chakale, msodzi akumukhotetsa zala. Ndinaganiza kuti akuchita dala pamaso panga kuti andikumbutse. Madzulo ndinamukodola bamboyo, ndipo ndinadzimva ndikumufunsa ngati anaonapo anthu awiri olimbirana mpando umodzi, wina n'kumupatsa mnzake mpeni. Ndinkalankhula ndikuyang'ana kumbali. Bamboyo anangoseka, n'kunena kuti akapitawo, mkuluyu wandipatsa mfundo, si mpeni, ndipo mawa lake anakhalanso pansi pa mango.

Msika uli pafupi kutha, ku Cuamba kunafunikanso wosoka mmodzi. Tsiku lomaliza mzungu anabwera ndi chidindo. Anali wina watsopano, wosadziwa kanthu za matumba atatu aja. Anadinda makadeneta onse pa bokosi, kenako anandiitanira pambali n'kufunsa kuti titenge uti. Iye mwini analoza msodzi ndi chibwano, poti anali atamuona akusoka. Ndinaganiza za kukhala naye m'nyumba imodzi ya thonje tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, akunditchula akapitawo, akudziwa chimene akudziwa. Ndinauza mzungu kuti dzanja la mkuluyo lafa kale theka, silifika chaka. Ndinatchula bambo wa ku Ngauma uja. Mzungu anagwedeza mutu movomera n'kupita kukaima pa galimoto yake, kusuta fodya, n'kundisiyira kuti ndigawe makadeneta ndi kulengeza.

Ndinagawa mmodzimmodzi. Ya msodzi ndinaisunga kumapeto, ndipo ndinamutengera pambali pang'ono. Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa. Mwina poti ndinkadziwa kuti zatha, sangandichitenso kanthu.

"Achimwene," ndinatero, koyamba chaka chimenecho. "Matumba aja."

"Ndikudziwa. Inagona kumanja."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinkadikira iwe. Ndinkati mwanayu akusonkhanitsa mawu, Chiyao sachidziwa bwino, mzungu akumuopa. Mpaka pamene ndinkapinda mkeka ndinkati undithamangira." Anaseka pang'ono. "Kutchula munthu pamaso pa mzungu, mphwanga, ine sindinaphunzire. Unali ndi mkazi woyembekezera."

Anali atabwerera kunditchula kuti iwe, ngati kale. Anatsegula kadeneta, kuyang'ana chidindo, kuchiuzira kuti chiume.

"Zakale zapita ndi madzi. Chaka chino ndinamva kuti wosankha ndiwe, ndiye ndinauza mkazi wanga kuti usadandaule, mphwanga ali kumeneko, ulendo uno zitheka. Bwato ndilibe, ndipo chaka chamawa sindidziwa ngati adzandilembenso ndi zala izi. Ndaona ukupisa dzanja m'matumba anga. Ndati achite, akufuna akhale ndi chonena kwa mzungu, kuti ndaona ndekha, mkuluyu salakwitsa."

Mzungu anali akadali pa galimoto, fodya wake asanathe. Panali mapazi osakwana makumi awiri. Ndikanatha kupita n'kunena kuti ndaganizanso, dzanja lija ndi lolimba kuposa mmene ndinanenera. Sakanandimenya, mwina akanangonditukwana. Ndinayang'ana msodziyo kumaso, kufunafuna pamene pabisala chinyengo, chifukwa mumtima mwanga munali mawu akuti munthu sangakhululuke chonchi, ameneyu akufuna alowe kaye ku Cuamba, akakhazikika ndiye adzandionetsa. Ndinafunafuna ndithu. Nkhope yake inali ya munthu wotopa amene akuyembekezera uthenga wabwino. Ndipo ngakhale zimenezo ndinaziona ngati luso lake.

Mzungu anaponda fodya wake n'kukwera galimoto. Ine ndinaliza wezulo, osoka anasonkhana, ndipo ndinatchula bambo wa ku Ngauma.

Anthu anaomba m'manja. Msodzi naye anaomba, mochedwerapo pang'ono. Anapita kwa wosankhidwayo n'kumuuza kuti asaiwale kubweza chingwe pansi asanakoke, ndiponso kuti azipisa dzanja ngakhale kamiyau ilire bwanji. Kenako anavula kachipewa, anaikamo kadeneta, n'kuvalanso. Kwa ine anawerama pang'ono.

"Tsalani bwino, akapitawo."

Chaka chotsatira sanabwere pamzere. Ndinafunsa anthu a kunyanja, wina anati anawoloka, wina anati anamutenganso, wina anati sakumudziwa. Sindinapite kukaona ndekha, ngakhale kuchokera ku Mitande ndi ulendo wa tsiku limodzi. Bambo wa ku Ngauma uja tinagwira limodzi zaka zambiri, munthu wabwino, ndipo tonse awiri tinkamanga mfundo imodzi, yogona kumanja.

Kwa wansembe ndinaulula za matumba atatu, kalekale, ndipo anandipatsa mapemphero oti ndinene. Za tsiku lomaliza lija sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga mpaka anamwalira. Ulendo woyamba ndinangokhala chete, ndili mnyamata wamantha. Ulendo wachiwiri ndinali ndi wezulo m'khosi, ndinalankhula ndi pakamwa panga, ndipo munthuyo anali atandiuza kale kuti zakale zapita.

Mdzukulu wanga wagwira sabata imodzi tsopano. Dzulo anabwera kudzandiona. Akuti ntchito ikuyenda, ndipo amva kuti mwa atsikana atatu a ganyu mmodzi adzatsala. Akuti pali mayi wina, nayenso wa ganyu, wamkulu kwa iye, amene akumuonetsa zonse, kasanjidwe ka katundu, makasitomala ovuta, nthawi imene mwini sitolo sakonda kufunsidwa. Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali, kenako anafunsa kuti, "Agogo, inu mwaona zambiri. Mayi amenewa akufuna chiyani kwa ine?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo mawu amene anabwera poyamba anali a mkulu wa ku Mandimba. Akadalimo. Ndinawameza, n'kumuuza kuti abwere Lamlungu tikachoka ku tchalitchi. Ndidzamupatsa kopeli kuti awerenge yekha pakhonde, ine ndidzakhala kuseri ndikusoka matumba a chimanga.